Thirakitala yakale ikamavuta magetsi chaka ndi chaka: kuyeza ndi kusintha mawaya onse

Kumapeto kwa Okutobala, mitambo ikayamba kuunjikana, madandaulo a anthu oyang'anira mathirakitala m'mapuloti ozungulira Harare amakhala omwe aja. Wa ku Ruwa akuti batire anatchajitsa dzana koma lero laphweratu. Wa ku Norton akapotoza kiyi, sitata ikungoti "ke" n'kukhala chete. Wa ku Beatrice fyuzi ya nyale ikupsa akangolowa m'mizere, ndipo mnyamata wake wayamba kale kuikulunga ndi kapepala konyezimira ka m'paketi ya ndudu. Onsewa anakonzetsa chaka chatha, chaka chinacho anakonzetsanso. Vuto likamangosintha malo koma osachoka, kawirikawiri gwero lake limakhala mawaya amene anakalamba.

Mathirakitala ambiri omwe abale athu amagwira nawo ntchito kuno anabadwa owayendetsa asanabadwe. Massey Ferguson 135 inkapangidwa kuyambira 1964 mpaka 1975, ndipo ma Ford 3000, 4000 ndi 5000 ndi a zaka zomwezo. Injini ya Perkins ya masilinda atatu ya mu Massey ija mukhoza kuimasula n'kuimanganso kangapo, idzalimabe. Koma pulasitiki wokuta waya sangapirire zaka 50 za dzuwa la kuno, kutentha kwa injini ndi dizilo wodontha kuchokera m'thanki. Amauma, amang'aluka, madzi amalowa, mkuwa umada. Ndiye pali makoswe. Thirakitala ikaima m'shedi imodzi ndi matumba a chimanga kuyambira Meyi, kuseri kwa dashibodi kumasanduka chisa.

Chimene chimabisa vutoli zaka zambiri n'choti injini zimenezi zikangolira sizifunanso magetsi. Pampu ya dizilo imazunguzidwa ndi injini yomweyo, ndipo pozimitsa mumakoka kandodo kaja. Choncho anthu amazolowera kuimika thirakitala pamtsetse, kapena kuikoka ndi inzake m'mawa uliwonse. Wa zamagetsi amamuitana tsiku lomwe utsi watuluka pansi pa chiwongolero.

Yambani mwatsimikiza kuti olakwa ndi mawayadi

Harness yatsopano, mtolo wonse wa mawaya ang'onoang'ono uja, nthawi zambiri sibwera ndi zingwe zonenepa za batire. Alipo anthu amene anawononga ndalama kusintha mtolo wonse, thirakitala n'kumangotibe "ke", chifukwa chovunda chinali chingwe chimodzi cha earth, chija chochokera ku batire kupita ku chitsulo cha thirakitala. Ndiye musanagule kanthu, pezani mita yoyezera magetsi, ngakhale yotchipa, ndi mababu awiri, lina la mawati 5 lina la mawati 21, lililonse lolumikizidwa ku timawaya tiwiri.

Batire loti lagona usiku wonse, ngati lili lodzaza, liwerenge mavoliti 12.6 kapena pafupi ndi pamenepo. Likawerenga 12.2 ndiye kuti moto uli pakati. Pamene sitata ikuzunguza injini lisagwe kupitirira 9.6. Likagwa kwambiri, siyani kaye nkhani ya mawaya, muthane ndi batirelo.

Batire likakhala bwino, yesani zingwe zonenepa, ndipo apa mpofunika kufatsa. Chotsani magiya onse, kokani kandodo kozimitsira kuti injini isalire. Ikani msomali umodzi wa mita pamutu weniweni wa batire, pamtovu penipeni osati pachitsulo chopanira, wina pabawuti yaikulu ya sitata pomwe chingwe chimathera. Mnzanu apotoze kiyi. Mita ikaonetsa kupitirira theka la voliti, moto ukutayika m'chingwemo kapena pomwe chamangidwa. Chitani chimodzimodzi mbali ya earth, kuchokera pamutu winawo wa batire kukafika pathupi la sitata. Apa isapitirire 0.3. Chingwe chikhoza kuoneka chabwinobwino kunja pomwe mkati mwa chipanirocho mwadzaza ufa wobiriwira. Mukamaliza kuzunguza, khudzani mfundo iliyonse ndi chala. Yomwe yatentha ndi yomweyo.

Sitata ikati "ke", dziwani kuti moto wa kiyi wafika ku solenoid, swichi yamagetsi yotsegulira sitata moto waukulu wa batire. Ikangoti zii osamveka kalikonse, yang'anani njira ya waya wamng'ono. Pa Massey 135 kandodo kakang'ono ka high ndi low kayenera kukhala pa S, apo ayi swichi yotetezera ya pa giyabokosi silola moto kudutsa. Swichi imeneyi imatha, ndipo mawaya ake amapondedwa ndi majombo a dalaivala tsiku ndi tsiku. Mungathe kulumikiza timawaya take tiwiri kwa kanthawi pofuna kuyesa, muli pampando, magiya ali ochotsa. Musazisiye choncho. Ndipo chizolowezi choliza thirakitala ndi sikuludiraiva pa solenoid, munthu ataima kutsogolo kwa tayala lalikulu, chapha anthu. Thirakitala ikakhala mu giya imanyamuka pompo.

Batire lomatha usiku liyeseni ndi babu laling'ono. Zimitsani zonse, masulani chingwe cha earth pa batire, mulumikize babulo pakati pa mutu wa batire ndi chingwecho. Likayaka, chilipo chikuba moto. Zulani mafyuzi amodziamodzi. Likapanda kuzima, zulani pulagi ya alitaneta, chida chotchaja batire injini ikamalira. Likazima pamenepo, ma diode a alitaneta, tizida tolola moto kupita mbali imodzi yokha, afa. Pa thirakitala ya dainamo, chotchajira chachikale chija, masulani waya wa pa dzino lolembedwa A ku kabokosi ka regulator, kolamulira katchajidwe. Babu likazima, timapointi ta cut-out, kaswichi ka m'kabokosimo kolekanitsa batire ndi dainamo injini ikazima, takakamirana, ndipo batire lakhala likutsanulira moto wake mu dainamo usiku wonse. Mukachotsa zonsezi babu n'kukhalabe loyaka, moto ukudontha mkati mwa mtolo wa mawaya weniweniwo.

Fyuzi yomapsa kawirikawiri ili ndi njira yake yosawonongetsa mafyuzi. Ichotseni, m'malo mwake mulumikize babu la mawati 21. Tsegulani kiyi ndi swichi ya njirayo, mababu a nyalezo mutawachotsa. Babu lanu likawala kwambiri, shoti ilipo panopa. Likakhala lozima, yambani kugwedeza mtolo pang'onopang'ono, kuchokera kudashibodi kupita kutsogolo, kenako kumbuyo. Pomwe babu laphethira, pamenepo waya wakhula chitsulo. Malo odziwika ndi pomwe mawaya amadutsa pabowo la madigadi, pansi pa chopondera, ndi pa soketi ya ngolo yomwe imadzaza matope.

Nthawi yoleka kuphatika

Gwirani waya mmodzi pafupi ndi injini, mumupinde ndi zala. Pulasitiki wabwino amapindika n'kubwerera. Wotha amang'aluka, nthawi zina amayoyoka m'manja. Sendani kutalika kwa chala kuchokera kumapeto muone mkuwa. Ukakhala wakuda kapena wobiriwira mpaka mkati, simudzapeza poti mulumikize bwino, ngakhale mtovu wowotcherera mawaya (solder) sugwira. Kenako vundukulani tepi ya mtolo pamalo amodzi kapena awiri. Mukapeza mawaya atasungunuka n'kumatirirana, waya mmodzi anapsapo kale ndipo anawotcha anzake kutalika konse. Zikatero, kulumikiza pomwe paduka kuli ngati kusoka chigamba chatsopano pa thumba lofumbwa, limang'ambikira pambali pa ulusi.

Apa mpamene mkangano umabuka. Akapitawo a papulazi amati, "Achimwene, ingolumikizani pomwe padukapo, mvula ili pakhomo." Ine ndimawapatsa wayayo m'manja. "Madala, tapindani nokha." Akamva kuti thyo, nkhani imatha. Kulumikizako n'kotheka, ndipo ngati mwatsala ndi tsiku limodzi lolima, lumikizani mumalize. Koma thanki ya dizilo pa mathirakitala amenewa ili pafupi ndi injini, moyandikana ndi batire ndi mawaya omwewo. Ndiponso waya wochokera ku batire kupita ku kiyi, pa ambiri a iwo, alibe fyuzi ngakhale imodzi.

Kugula mtolo wokonzeka kapena kuluka wanu

Funso loyamba ndi lakuti thirakitala yanu ili ndi dainamo kapena alitaneta lero, osati tsiku lomwe inatuluka m'fakitale. Ambiri anabwera ndi dainamo ya kampani ya Lucas ndi kabokosi ka regulator, ndipo eni ake ena anachotsa n'kuikamo alitaneta ya galimoto. Dainamo ndi yaitali, ili ndi mawaya awiri kumbuyo, D wamkulu ndi F wamng'ono. Alitaneta ndi yaifupi, yonenepa. Ya Lucas ACR ili ndi pulagi ya mano atatu, awiri aakulu opita ku batire ndi limodzi laling'ono la nyale yochenjeza. Mtolo wa dainamo sugwirizana ndi alitaneta popanda kuusintha, choncho nenani zimenezi pogula.

Kaya mukupita m'mashopu a zida za pamunda ku Msasa ndi Southerton, kaya kwa ogulitsa masipeya mu Kaguvi Street, ku Gazaland kapena ku Magaba, nyamulani nambala ya thirakitala, zithunzi za kumbuyo kwa kiyi ndi kwa alitaneta, ndipo ngati mwauchotsa kale, mtolo wakalewo. Muziuyala pa kauntala pambali pa watsopano. Kutalika kwa nthambi iliyonse kumaonekera pomwepo.

Ine ndimakonda kuluka ndekha pa thirakitala imene yasinthidwasinthidwa, chifukwa mawaya ake safika makumi atatu ndipo ndimatha kuikamo mafyuzi pomwe ndikufuna. Chovuta n'kupeza waya weniweni. Uliponso waya wooneka ngati mkuwa koma mkati muli aluminiyamu. Palani kansinga kamodzi ndi mpeni. Kakayera mkati, musiyeni, amatentha msanga ndipo amafumbutuka pa mfundo. Waya wa m'nyumba wa nsinga imodzi yolimba uja ayi, kunjenjemera kwa injini ya masilinda atatu kumamuthyola. Mufunika wa galimoto, wa tinsinga tambirimbiri. Wa 1 mm² akwanira pa timagetsi ta dashibodi ndi mageji. Wa 1.5 kapena 2 mm² pa nyale zazikulu. Wa 2.5 mm² pa solenoid ndi pa hita ya kumanifodi, yothandiza kuliza injini kukazizira. Waya wotchaja, wochokera ku alitaneta, akhale 6 mm². Zingwe za batire zisachepere 35 mm² pa injini ya dizilo.

Kusinthako

Jambulani zithunzi musanamasule ngakhale nati imodzi, makamaka kumbuyo kwa kiyi, kwa swichi ya nyale, kwa ammeter (geji yoonetsa moto wolowa ndi wotuluka m'batire) ndi kwa regulator. Matani katepi ka pepala pa waya aliyense wakale, mulembepo komwe akuchokera.

Onani mbali ya batire imene yamangidwa ku chitsulo cha thirakitala. Masiku ano pafupifupi zonse ndi negative, koma mathirakitala akale kwambiri, monga Ferguson yotuwa ya TE20 yomwe inkapangidwa ku Coventry pakati pa 1946 ndi 1956, anali ndi positive ku chitsulo. Alitaneta wamba imafuna negative earth, mukaitembenuza imapsa nthawi yomweyo. Masulani chingwe cha earth choyamba, ndipo pomaliza ntchito chibwezeni chomalizira. Mukayamba ndi chinacho, sipanala ikangogunda chitsulo mudzaona moto. Batire lichotseni ndithu, mupeze malo, mutsuke thireyi yake ndi madzi a soda wophikira.

Ngati n'kotheka, musazule mtolo wakale wonse nthawi imodzi. Yalani watsopano pambali pake, motsatira njira yomweyo, muzichotsa waya mmodzi wakale n'kuika watsopano pamalo pake. Zimachedwa, koma simusokera. Chenjerani kokha ndi kukopera zolakwa za amene anagwirapo kale. Mukaona waya wopita kosadziwika, mutsateni mpaka kumapeto musanamutengere chitsanzo.

Mitundu ya mawaya imathandiza pa mathirakitala a ku Britain. M'kachitidwe ka Lucas, wabulawuni ndi wa moto wochokera ku batire wosadutsa pa kiyi. Woyera ali ndi moto kiyi akatsegulidwa. Wakuda ndi earth. Woyera wa mzere wofiira amapita ku solenoid ya sitata, woyera wa mzere wabulawuni ku swichi ya oyilo. Wabulawuni wa mzere wachikasu ndi wa D pa dainamo kapena wa nyale yochenjeza pa alitaneta, wabulawuni wa mzere wobiriwira ndi wa F. Wofiira ndi wa timagetsi ta m'mbali ndi kumbuyo, wabuluu wa nyale zazikulu. Koma si mtolo uliwonse wa m'shopu umene umatsatira mitundu imeneyi, choncho waya aliyense muyezeni ndi mita, misomali yake ili kumbali zonse ziwiri za wayayo, mumve ikulira kusonyeza kuti ndi waya yemweyo, musanamumange.

Mano a kumbuyo kwa kiyi nawo ayezeni. Makiyi ogula lero amasiyana kayalidwe ndi akale ngakhale akuoneka ofanana kutsogolo. Pezani dzino lolowera moto, kenako mupotoze kiyi malo amodziamodzi muone mano amene akulumikizana nalo: la magetsi wamba, la hita, la sitata. Hita ya Perkins, Thermostart ija yomangidwa pa manifodi yolowera mpweya, imatentha n'kutsegula kavavu kodonthezera dizilo kuti ayake. Mukaipatsa dzino lolakwika imakhala yoyaka nthawi yonse thirakitala ikugwira ntchito, ndipo imapsa m'mawa womwewo. Mudzaidandaula mu Juni, chisanu cha ku Harare chikafika.

Njira yodutsa mtolo ndi imene imasiyanitsa ntchito ya zaka ziwiri ndi ya zaka makumi awiri. Ukhale kutali ndi manifodi ya ekizozi, ndi lamba wa fani, ndi mikono ya chiwongolero, ndi ndodo za thirotolo. Pondani kilatchi ndi mabuleki mpaka pansi, pindani chiwongolero mbali zonse, muone ngati palibe chomwe chikukhudza. Paliponse waya akudutsa pabowo la chitsulo payenera kukhala kamphira. Mukakasowa, chidutswa cha payipi ya dizilo chong'ambidwa m'litali chimagwira ntchito. Pakati pa injini ndi dashibodi siyani mpata pang'ono, waya asakhale wokokeka. Mangani ndi zomangira pafupipafupi, koma osamangirira ku mapayipi achitsulo opititsa dizilo ku ma injector.

Mfundo zopota ndi zala n'kukulunga tepi yakuda zisabwererenso. Tepi ikakumana ndi dizilo ndi kutentha imamatuka, mkati mumalowa madzi. Gwiritsani ntchito timitu ta mkuwa topanira ndi pulayazi yake yeniyeni, muvale kapayipi kofota ndi moto pamwamba. Mukapana, kokani mwamphamvu. Kakavuka m'manja mwanu, kakadavukanso kumunda. Pomangira earth palani penti ndi dzimbiri mpaka chitsulo chiwale, mumange, mupake girisi pamwamba. Nyale za pa madigadi zipatseni waya wakewake wa earth wobwerera ku thupi la thirakitala, chifukwa mabawuti a madigadi anachita dzimbiri kalekale ndipo moto sudutsa bwino.

Poti mwatsegula kale, ikanimo kabokosi ka mafyuzi. Kuwerengera kwake n'kosavuta: mawati gawani ndi 12. Nyale ziwiri za mawati 55 zimakoka maampu opitirira 9 pang'ono, fyuzi ya 15 ikwanira. Fyuzi imateteza waya, choncho isakule kuposa zomwe wayayo angapirire. Yofunika kuposa zonse ndi yaikulu ya pa waya wochokera ku solenoid kupita kudashibodi, iikeni pafupi kwambiri ndi pomwe wayayo wayambira. Ammeter yakale yowerenga mpaka 30 inapangidwira dainamo yotulutsa maampu 22. Ngati muli ndi alitaneta ya 45 kapena kuposa, musadutsitse moto wonse m'menemo. Waya wotchaja apite molunjika ku bawuti yaikulu ya solenoid, ndipo padashibodi muikepo geji ya mavoliti.

Kubwezera moto, ndi zomwe zimatsalira

Musamange chingwe cha earth nthawi yomweyo. Lumikizani kaye babu la mawati 21 pakati pa mutu wa batire ndi chingwecho, zonse zili zozimitsa. Liyenera kukhala lozima. Likawala, mwalakwitsa penapake, ndipo babulo lapulumutsa mtolo wanu watsopano. Likakhala lozima tsegulani kiyi, liyake mofooka kapena osayaka konse. Mukatero mangani chingwe.

Ngati muli ndi dainamo ya Lucas ndipo yakhala nthawi yaitali osagwira ntchito, kapena mwasintha mbali ya earth, iyenera kukumbutsidwa mbali yake. Masulani mawaya ake, tengani waya kuchokera kumutu wa batire wosapita ku chitsulo, mukhudzitse pa F kamphindi, kawiri kapena katatu, kamoto kathetheke. Bwezerani mawaya. Zimenezi musazichite pa alitaneta.

Lizani injini, kwezani thirotolo pang'ono, yezani pa batire. Pa alitaneta muone pakati pa 13.8 ndi 14.4. Dainamo imachedwa, siyamba kutchaja injini ikamalira pansipansi. Mita ikakhalabe pa 12 ndi kanthu, yang'anani nyale yochenjeza. Iyenera kuyaka mukatsegula kiyi, n'kuzima injini ikalira. Alitaneta imadzutsidwa ndi kamoto kodutsa m'babu limeneli, ndiye likakhala lopsa, kapena mwaikapo ka LED kosakoka moto wokwanira, sitchaja mpaka mutaikweza kwambiri, mwinanso osatchaja konse. Ikanipo babu wamba la mawati 2. Nyaleyo ikakana kuzima, onani lamba, kenako muone ngati waya wake sanakhudze chitsulo panjira.

Ammeter ikamaloza ku minus pamene ikutchaja, n'kumapita ku plus mukayatsa nyale injini ili yozima, mwangotembenuza mawaya ake awiri. Nyale za kumbuyo zikamathima mukaponda buleki, kapena indiketa ikamaphethiritsa nyale zina, earth ya nyaleyo siili bwino. Geji ya kutentha kapena ya dizilo ikathamangira kumapeto mutangotsegula kiyi, kawirikawiri waya wopita ku sensa wakhudza chitsulo kapena mwasinthanitsa mano a gejiyo. Sitata ikazungulira mutangofika pa malo oyamba a kiyi, zimitsani msanga, waya wa solenoid ali pa dzino lolakwika.

Chizolowezi china chimene chimapha alitaneta pa mapulazi ndi kuchotsa batire injini ikulira, kuti akalizire thirakitala ina kapena pampu ya kudimba. Ndi dainamo anthu ankachita zimenezi n'kupulumuka. Alitaneta ikasowa batire, mavoliti amalumpha ndipo regulator ndi ma diode ake amapsa. Owotcherera nawo auzeni kuti asanayambe kuwotcherera pulawo ili pa thirakitala, amasule batire ndi pulagi ya alitaneta.

Pa chingwe cha earth ikanipo swichi yaikulu yodulira batire, ya kiyi wofiira uja, pamalo oti dalaivala aifikire ali pampando. Madzulo aliwonse aidule injini itazima. Thirakitala ikamakaima miyezi yachilimwe, batire lichotseni muzilitchaja kamodzi pamwezi, musese mankhusu ndi zinyalala kuseri kwa dashibodi, ndipo matumba a chimanga apite shedi ina.